Rome II inanyozedwa koopsa mu 2013: kodi lero ndi yoyenera ndalama ndi bandulo yanu?

Wowerenga wina wa ku Zomba walemba kuti: "Ndinakulira pa Rome: Total War, ija ya 2004, ndipo mpaka lero ndimaiyatsabe. Tsopano ndaona kuti Total War: Rome II yatsika mtengo pa Steam, koma ndemanga zake zandiimika mutu. Ena akuti ndi gemu yosweka imene inachititsa manyazi eni ake, ena akuti ili m'gulu la zabwino kwambiri. Kodi anthuwa akunena gemu imodzimodzi? Laputopu yanga ndi Core i5, RAM 8 GB, ilibe graphics card yapadera, ndipo bandulo sinditola pansi. Ndigule kapena ndisiye?"

Mtima m'malo, achimwene. Magulu awiri onsewo akunena zoona, kungoti akukamba za gemuyi pa zaka zosiyana. Rome II imene inatuluka pa 3 September 2013 ndi imene mungatsitse lero pa Steam, sitolo ya magemu ya pa intaneti, zili ndi dzina limodzi, koma pakati pake padutsa ma patch ambirimbiri (zigamba zokonza zolakwika m'gemu), ndipo imene ikugulitsidwa pano imayenda bwinobwino. Simukugula chinthu chakufa.

Koma musathamangire kulipira mutangomva zimenezi. Madandaulo a mu 2013 anali amitundu iwiri, ndipo anthu ambiri amawaphatikiza. Ena anali a zinthu zowonongeka, zimene kampani ya Creative Assembly, imene inapanga gemuyi, inavomereza n'kuzikonza. Ena anali a zinthu zimene okonza gemuyo anazichita dala, ataganiza bwinobwino kuti ndi mmene gemu iyenera kukhalira. Zili ngati nyumba: denga lodontha mmisiri amabwera kudzamata, koma ngati pulani inaika chitseko cha kuchipinda poyang'ana kukhitchini, chidzakhala pomwepo mpaka nyumbayo idzagwe. Kwa munthu ngati inu amene munazolowera Rome yoyamba, funso lenileni lagona pa mtundu wachiwiriwu.

Tiyambe ndi mmene inalandiridwira. Pa Metacritic, pamene amaphatikiza malikisi a owunika magemu osiyanasiyana, Rome yoyamba ili ndi 92 pa 100, Total War: Shogun 2 ya mu 2011 ili ndi 90, pamene Rome II inathera pa 76. Kwa gemu wamba 76 si manyazi, koma kwa Total War kunali kugwa chagada. Owunikawo sanagwirizanenso: IGN inapereka 8.8 pa 10, PC Gamer 85 pa 100, koma nyuzipepala ya The Guardian inapereka nyenyezi ziwiri zokha pa zisanu. Osewera wamba ndiye anakwiya kuposa atolankhani, makamaka chifukwa ambiri anali atalipiriratu gemuyo isanatuluke, atakopeka ndi kanema wa nkhondo yolanda mzinda wa Carthage amene kampaniyo inaonetsa mu 2012. Zimene anazipeza pa makompyuta awo sizinafanane ndi kanemayo. Mike Simpson, mkulu woyang'anira kapangidwe ka magemu ku Creative Assembly, analemba uthenga wovomereza mavutowo, ndipo m'masabata oyambirira ma patch ankatuluka motsatizana kwambiri.

Kusiyana kwa malikisi a atolankhani ndi mkwiyo wa osewera kuli ndi chifukwa chake chomveka. Wowunika amakhala ndi masiku ochepa, kompyuta yamphamvu, ndipo amaona kwambiri chiyambi cha kampeni, pamene zonse zikadali zatsopano ndi zokongola. Zofooka za gemu yamtundu uwu zimaonekera mochedwa, ufumu ukakula, mukadutsa ma turn 100 (turn ndi nthawi yanu yoyendetsa zinthu pamapu, mitundu ina isanayende) n'kuona kuti palibenso mdani wokuopsani. Kumbukirani mfundo imeneyi, chifukwa ikukhudzanso inuyo pa nkhani yobweza gemu.

Zimene zinakonzedwa sindichedwapo. Mukadina batani lomaliza turn, munkadikira mphindi zingapo kuti mitundu yoposa 100 ya pamapu iyende umodziumodzi. Asilikali a kompyuta akabwera kudzazinga mzinda, nthawi zina ankangoima panja pa linga osachita kanthu mpaka nthawi kutha, kapena ankathamangira onse pachipata chimodzi ndi miyuni yamoto n'kuphedwa ngati ziwala. Pankhondo ya pabwalo pankaoneka mbendera yoti aliyense woigwira kwa kanthawi wapambana, moti munkatha kusankha phiri labwino lodzitetezera koma n'kuluza chifukwa kagulu kamodzi ka okwera pamahatchi kakaima pambendera kuchigwa. Gulu lankhondo likangolowa m'nyanja linkasanduka zombo zaulere, ndipo zombo zonyamula anthuzo zinkamiza zombo zenizeni zankhondo zimene munawonongera ndalama zambiri. Mizere ya asilikali inkasweka ikangokumana ndi adani, onse n'kuunjikana ngati mulu, nkhondo n'kutha m'mphindi zochepa musanayendetse n'komwe apamahatchi anu kuzungulira kumbuyo. Zambiri mwa izi zinachotsedwa kapena kuchepetsedwa kwambiri pofika pa 16 September 2014, pamene anatulutsa Emperor Edition, imene inaperekedwa ulere kwa onse amene anali nayo kale gemuyo, pamodzi ndi kampeni yatsopano ya Imperator Augustus. Ndemanga iliyonse imene ikudandaula za mbendera ya pabwalo kapena za ma turn otenga nthawi yophikira nsima, dziwani kuti yatha ntchito.

Tsopano tifike pa zimene sizinasinthe.

Choyamba, ndipo kwa ine ndicho chachikulu, ndi lamulo lakuti gulu lililonse lankhondo liyenera kukhala ndi kazembe, ndiye kuti mkulu wa asilikali, komanso kuti chiwerengero cha magulu chili ndi malire. Mu Rome yoyamba munkatha kutenga timagulu tiwiri ta amikondo n'kukatiika pamlatho, kutumiza kagulu kamodzi ka apamahatchi kukazonda njira, kapena kuphunzitsa asilikali ku Italy n'kuwatumiza okha kukalowa m'malo mwa amene afa ku Gaul. Mu Rome II zimenezi kulibe. Mumayamba ndi chilolezo cha magulu atatu okha, ndipo chiwerengerocho chimakwera pang'onopang'ono ufumu ukamakula. Gulu lililonse limanyamula timagulu tosapitirira 20, ndipo msilikali sangasunthe popanda kazembe. Asilikali atsopano amalembedwa m'gulu momwemo, likakhala m'chigawo chimene chili ndi nyumba zophunzitsira mtundu umenewo wa asilikali. Mukafuna kutumiza timagulu tinayi tatsopano kumalire, muyenera kudzutsa kazembe wina, kumulembera asilikaliwo, kumuyendetsa ulendo wonse, kusinthanitsa, kenako kumuchotsa ntchito.

Cholinga chake chinali chabwino. M'magemu akale kompyuta inkamwaza timagulu ting'onoting'ono mapu onse, ndipo wosewera ankatopa ndi tinkhondo topanda pake. Okonza ankafuna nkhondo zochepa koma zikuluzikulu, ndiponso kuti gulu lililonse likhale ndi dzina, mbendera ndi miyambo yake imene imakula likamapambana. Mbali ya miyamboyi ndi yokoma ndithu: legion (gulu lankhondo la Aroma) imene yamenya nkhondo zaka 50 imakhala yosiyana ndi yatsopano, ngakhale akazembe ake asinthe kangapo. Koma mtengo wake ndi wakuti malire aatali simungawatchinge. Gulu limodzi la adani likazemba n'kulowa mkati, limayenda likulanda timidzi tanu, inu mukulithamangitsa pambuyo ngati mbusa wa mbuzi yothawa. Ngati zimene munkakonda mu Rome yoyamba zinali kugawa asilikali mwaluso, apa mudzamva kumangika manja. Ndipo musayembekezere kuti adzasintha, chifukwa lamulo lomweli analipitiriza mu Total War: Attila, ndipo la kazembe lilinso m'magemu a Total War: Warhammer. Kwa iwo silinali vuto ayi.

Chachiwiri ndi kayendetsedwe ka mizinda. Mapu anagawidwa m'zigawo, chigawo chilichonse chili ndi madera awiri, atatu kapena anayi. Likulu la chigawo ndi limene lili ndi linga komanso malo omangapo asanu kapena asanu ndi limodzi. Timatauni tina tonse tilibe linga, ndipo malo omangapo ndi atatu kapena anayi basi. Mu Rome yoyamba mzinda unkakula ndi chiwerengero cha anthu ake, ndipo munkamanga chilichonse chimene thumba lalola. Muno mumasankha: kachisi kapena munda, msika kapena bwalo la asilikali. Pafupifupi nyumba iliyonse ikakwezedwa imadya chakudya kapena imachepetsa bata la anthu. Minda imabweretsa chakudya koma ikakula imakwiyitsa anthu, akachisi amakhazika anthu mtima pansi koma amadya chakudya. Chakudya chimawerengedwa cha ufumu wonse pamodzi, ndipo chikapita pansi pa ziro asilikali anu kulikonse amayamba kuchepa, mizinda n'kusiya kukula.

Anthu ena amakonda kuwerengetsera kotereku, ndipo Emperor Edition inafewetsa manambala ake. Cholakwa chimene atsopano ambiri amachita ndi kukweza nyumba zonse mpaka pamlingo wapamwamba chifukwa ndalama zilipo, kenako n'kudabwa kuti njala yagwa ndipo zigawenga zadzuka m'zigawo zitatu nthawi imodzi. Lamulo losavuta ndi ili: musanadine kukweza, onani nambala ya chakudya pamwamba pa sikirini n'kuchotserapo chimene nyumbayo idzadye, ndipo siyani chotsala choti chikupulumutseni dera limodzi la minda likalandidwa. Chigawo chimene mwangochilanda kumene chichotsereni msonkho kwa ma turn angapo ngati bata likutsika msanga. Chimene owunika ambiri anadandaula nacho, ndipo n'choona mpaka lero, n'chakuti mukapeza kasakanizidwe kamene kamagwira ntchito mumangokabwereza m'chigawo chilichonse. Komanso popeza timatauni topanda malinga ndi tochuluka, nkhondo zambiri zimakhala zomenyana ndi alonda a m'tauni m'timisewu tofanana, ndipo posakhalitsa mumayamba kungodina batani loti kompyuta iwerengere yokha zotsatira.

Chachitatu ndi nthawi ndi anthu. Kampeni yaikulu imayamba mu 272 BC, ndipo turn imodzi ndi chaka chathunthu, pamene mu Rome yoyamba chaka chinali ma turn awiri. Zikuoneka zazing'ono koma zotsatira zake ndi zazikulu. Kazembe amene mwamutenga ali ndi zaka 30 amakhala atakalamba pakangodutsa ma turn 30 kapena 40, nthawi imene gulu lake langomaliza nkhondo imodzi kapena ziwiri zikuluzikulu. Simumukonda, simumukumbuka dzina. Mu Rome yoyamba munkadziwa kuti uyu ndi mdzukulu wa uja anagonjetsa Carthage, kuti ndi chidakwa koma pankhondo ndi mkango. Rome II inatuluka yopanda ngakhale chithunzi chosonyeza mzere wa banja, ndipo anthu anadandaula za ichi kwa zaka pafupifupi zisanu mpaka anachibwezeretsa mu August 2018, pa update yaulere yotchedwa Ancestral. Lero mungakwatitse ana, kutenga mwana wa ena kukhala wanu, kusankha wolowa ufumu. Koma chaka pa turn chikadalipo mu kampeni yaikulu. Mankhwala ake ndi mod yaing'ono (chowonjezera chopangidwa ndi osewera) ya pa Steam Workshop yosintha kuti chaka chikhale ma turn awiri kapena anayi, ndipo muyenera kuiika musanayambe kampeni, osati pakati.

Ndale za m'gemu zinayenda njira yofananayo. Poyamba panali manambala a mphamvu za mabanja amene palibe ankamvetsa bwino ntchito yake, kenako tsiku lina nkhondo yapachiweniweni inkangobuka, magulu ankhondo ambiri n'kutulukira pafupi ndi likulu lanu ngati achokera kumwamba. Yerekezani ndi Rome yoyamba, mmene mabanja achiroma a Julii, a Brutii ndi a Scipii ankakula mukuwaona pamapu, mukudziwa kuti tsiku lina mudzalimbana nawo. Update ya Power and Politics ya mu November 2017 inakonza zambiri. Tsopano chipani chilichonse chili ndi kukhulupirika kwake kumene mumakuona, chili ndi zigawo zimene chimalamulira, ndipo chikakwiya kwambiri chimapanduka n'kuchoka ndi zigawozo pamodzi ndi akazembe ake. Izi n'zomveka ndipo mungazikonzekere, mwachitsanzo posapereka gulu lanu lamphamvu kwambiri kwa kazembe wa chipani chimene chikung'ung'udza. Ndinganene kuti zili bwino, osati zokoma kwambiri: nthawi zambiri mumangolipira ndalama kuti anthu akhale chete.

Pabwalo lankhondo penipeni, nkhani ndi yosakanikira. Injini ya gemuyi inayamba ndi Empire: Total War ya mu 2009, gemu ya mfuti ndi mizinga, ndipo kamenyedwe kake kamakonda kugwirizanitsa asilikali awiriawiri kuti aonetse kulimbana kokongola. Mukayandikitsa kamera zimasangalatsa, koma mzere wonse sumveka kulemera ngati mu Rome yoyamba, mmene khoma la zishango linkakankha adani pang'onopang'ono. Ma patch anachedwetsa nkhondo ndi kulimbitsa mizere, ndipo lero phalanx (mzere wothithikana wa amikondo) yoima pamalo opapatiza imagwira ntchito yake. Palinso zatsopano zabwino zimene Rome yoyamba inalibe: asilikali obisika kuseri kwa phiri saoneka mpaka wina wanu awaone ndi maso, ndipo zombo zingatsitse asilikali pagombe nkhondo ya pamtunda ili mkati. Nkhondo za panyanja zokha ndi zimene ambiri amazidumpha mpaka pano. Timakhadi tosonyeza asilikali tinajambulidwa motengera zojambula za pa mbiya zakale, ndipo nkhondo ikatentha n'kovuta kusiyanitsa amikondo ndi amalupanga. Ena amatikonda, ena amaika mod yosintha.

Mungafunse kuti kampani imene inapanga Shogun 2 zaka ziwiri zokha m'mbuyomo inapunthwa bwanji chonchi. Yankho lili m'kukula kwa ntchito. Shogun 2 ndi dziko limodzi, Japan, lokhala ndi njira zopapatiza pakati pa mapiri ndi nyanja, mafuko okhala ndi asilikali ofanana, ndiponso malinga amene msilikali aliyense amatha kukwera ndi manja. Mfundo yomalizayi ndi yofunika: kompyuta sinkafunika kudziwa kugwiritsa ntchito makwerero, nsanja kapena chogumulira chipata, choncho kufooka kwake kunabisika. Rome II inatambasula mapu kuchokera ku Britain mpaka ku Bactria, dera la Afghanistan wa lero, n'kuikamo mitundu yoposa 100, njovu, magaleta, zombo ndi mizinda ikuluikulu ya malinga osiyanasiyana. Nzeru za kompyuta zimene zinkakwanira pa kanjira ka ku Japan zinasochera pabwalo lalikulu chonchi. Ndipo malamulo aja a malire a magulu ankhondo ndi malo ochepa omangapo anabwera, mwa zina, pofuna kuti ufumu waukulu chotere usatopetse wosewera. Anachepetsa ntchito, koma anachepetsanso ufulu.

Kunena chilungamo, Rome yoyamba nayonso timaikumbuka mokometsera. Mapangano ake anali opanda pake, mnansi ankasaina mtendere lero n'kukuukirani mawa. Mizinda ikuluikulu inkadzaza uve ndi zipolowe mpaka anthu ankachita kuisiya ipanduke kuti aiphe n'kuyambiranso. Aigupto ake anali ovala ngati a nthawi ya afarao akale, zaka mazanamazana nthawi ya gemuyo isanafike. Rome II inakonza ichi: Egypt wake ndi wa banja la Ptolemy, wokhala ndi asilikali a chigiriki monga zinalilidi. Pa mbiri yakale ndi kusiyanasiyana kwa mitundu, yachiwiriyi ili patsogolo kutali.

Powerenga ndemanga pa Steam, gwiritsani ntchito zosefera. Sankhani za chaka chimodzi kapena ziwiri zapitazi, ndiponso za anthu amene asewera maola ambiri, chifukwa ndi amene afika kumapeto kwa kampeni. Mukaona mulu wa ndemanga zoipa za mu September 2018, dziwani kuti unali mkangano wokhudza kuchuluka kwa akazembe aakazi m'mitundu ina, osati kuti gemu inawonongekanso. Pa ndemanga iliyonse yoipa dzifunseni ngati munthuyo akudandaula kuti chinthu sichikugwira ntchito, kapena kuti sakukonda mmene chimagwirira ntchito. Dandaulo loyamba likhoza kukhala lakale. Lachiwiri mwina likadali lamoyo.

Ndiye muchite chiyani? Ngati chimene mukufuna ndi Rome yomwe ija koma yooneka bwino, pali Total War: Rome Remastered ya mu April 2021, yokonzedwa ndi Feral Interactive, imene inasunga malamulo akale onse. Chenjezo n'lakuti ndi yaikulu potsitsa ndipo imafuna makina amphamvu kuposa mmene dzina lake likumvekera, choncho yerekezani zofunika zake ndi laputopu yanu. Attila ya mu February 2015 inakonza zinthu zingapo za Rome II, monga banja ndi ndale, ndipo ndi yovuta mokoma, koma imadziwika kuti ndi yolemera ngakhale pa makompyuta abwino. Pa laputopu yopanda graphics card sindingakulimbikitseni. Ngati mukufuna dziko lalikulu, mitundu yambiri, ndipo mungapirire malamulo ndafotokoza aja, Rome II pamtengo wotsika ndi yoyenera. Gulani gemu yokhayo kaye. Ma DLC ake, zowonjezera zogula padera, ndi ambiri, ndipo ena mwa iwo anabweretsa mkwiyo paokha, monga Athens, Sparta ndi Epirus zimene zinali zaulere kwa olipiriratu okha, kapena magazi a pankhondo amene anagulitsidwa padera. Rome, Carthage, Egypt, Macedon, Parthia ndi mitundu ina ingapo zili kale m'gemu, zokwanira miyezi yambiri. Mukadzafuna ufumu wa Kush wa ku Meroe, m'dziko la Sudan la lero, kapena a Masaesyli a kumpoto kwa Africa, ali mu Desert Kingdoms ya mu March 2018.

Mudzamvanso anthu akutchula mod yotchedwa Divide et Impera. Imasintha pafupifupi chilichonse: chaka chimakhala ma turn anayi, asilikali amachokera m'chiwerengero cha anthu a m'dera, magulu ankhondo amafuna njira yopezera chakudya, nkhondo zimatenga nthawi. Ambiri amene anakhumudwa mu 2013 anabwerera chifukwa cha iyo. Koma ndi yaikulu potsitsa, imalemetsa makina, ndipo malire a magulu ankhondo ndi zigawo siziwachotsa. Musayambire pamenepo. Sewerani kampeni imodzi ya gemu yeniyeni kuti mudziwe chimene mukufuna kusintha.

Za laputopu yanu. Pa pepala mwadutsa: Steam imatchula RAM ya 4 GB ndi Core i5 ngati zoyenera, komanso malo okwana 35 GB pa hard disk. Pofooka ndi pa zithunzi, popeza makina anu amabwereka RAM kuti ajambule. Steam imabweza ndalama ngati mwapempha pasanathe masiku 14 ndipo mwasewera osakwana maola awiri, choncho maola awiriwo muwagwiritse ntchito mwanzeru. Musalowe mu kampeni yophunzitsira ya nkhondo ya Asamnite, idzakudyerani nthawi yonse. Lumikizani laputopu kumagetsi, chifukwa pa batire imadzichepetsa mphamvu. Pitani ku zosankha za zithunzi, ikani zonse pa Low kapena Medium, zimitsani mithunzi, SSAO ndi depth of field, chongani Unlimited video memory, ndipo yendetsani benchmark (mayeso a liwiro la makina) ya m'nkhalango imene ili momwemo. Ikamapereka mafelemu osachepera 25 kapena 30 pa sekondi, mungasewere. Kenako konzani nkhondo yanuyanu ya timagulu 20 mbali iliyonse, pamzinda wa linga, inu mukuteteza, chifukwa pamenepo ndi pamene makina amavutika kwambiri. Ikamadukiza, tsitsani kukula kwa timagulu kuchoka pa Ultra, pamene kagulu ka oyenda pansi kamakhala ndi anthu 160, kufika pa Medium, ndipo chitani zimenezi musanayambe kampeni. Pomaliza yambani kampeni yaikulu ndi Rome, zimitsani kuonetsa mayendedwe a mitundu ina, dutsani ma turn 10 mukuwerenga masekondi. Gemuyi ndi ya 32-bit ndipo imatsamira kwambiri pa liwiro la core imodzi ya purosesa, choncho kuwonjezera RAM kupitirira 8 GB sikungasinthe zambiri.

Dziwani kuti maola awiriwo adzakuuzani ngati gemu ikuyenda, koma sadzakuuzani ngati mudzaikonda pa turn 120. Za ichi, onerani kanema wa munthu amene ali pakati pa kampeni, osati gawo loyamba, ndipo muyang'ane kuti ndi nkhondo zingati zimene akumenya yekha ndi zingati akungodina batani.

Bandulo ndiye siibwezedwa, ngakhale ndalama za gemu zitabwerera. Ngati muli ndi mnzanu amene ali nayo pa Steam, gulani pa akaunti yanu, iye apange backup kudzera mu Steam momwemo n'kuika pa hard disk yakunja, inu mubwezeretse pa makina anu. Steam idzangotsitsa zochepa zotsala. Izi n'zololedwa chifukwa gemuyo mwailipira. Zimene muyenera kupewa ndi makope oswedwa amene amayenda pa ma flash. Kupatula ma virus, ambiri mwa iwo ndi a mu 2013, kutanthauza kuti mudzakhala mukusewera gemu yomweyo imene inanyozedwa ija, mbendera za pabwalo ndi zonse. Ya masiku ano imalemba Emperor Edition, ili ndi Imperator Augustus pa mndandanda wa makampeni, ndipo ili ndi tsamba la banja.

Gemu ikamazima yokha, musathamangire kwa okonza makompyuta. Yambani ndi kuzimitsa ma mod onse, chifukwa ndiwo amayambitsa mavuto ambiri, makamaka awiri akamasintha chinthu chimodzi. Kenako uzani Steam itsimikize mafayilo a gemu, ndipo ikani driver yatsopano ya zithunzi. Magetsi akakhala osadalirika, sungani kampeni m'mafayilo awiri kapena atatu mosinthanasinthana, chifukwa makina akazima pakati posunga fayiloyo imawonongeka, ndipo pewani mlingo wa Legendary umene sukulolani kusunga mmene mukufunira. Zonsezi zikakanika ndipo maola awiri sanathe, pemphani ndalama zanu nthawi yomweyo, kufufuza kudzabwera pambuyo. Akakhala kuti atha, lemberani a support a Sega, kampani yofalitsa gemuyi, mutatumiza fayilo ya DxDiag yosonyeza zida za makina anu. Kwa katswiri wa makompyuta pitani pokhapokha laputopu yonse ikamazima, kapena ikamatentha moti simungaike dzanja pafupi ndi potulukira mpweya, fani ikulira kosalekeza. Pamenepo vuto si gemu, ndi fumbi lodzaza m'kati kapena thermal paste youma, ndipo kupitiriza kusewera kungawononge purosesa. Muuzeni atsegule, apukute fani, asinthe paste, ndipo muyesenso benchmark ija ali pomwepo musanamulipire.